Kuthirira dimba la pakhomo ndi hozipaipi popanda kutaya madzi

Amene analimapo ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba kuno ku Lilongwe akudziwa mmene Okutobala amavutira. Mvula inasiya mu Epulo, mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi inaumitsa nthaka, ndipo tsopano dzuwa likuswa mtengo. Munthu umatenga hozipaipi, kutsegula mpopi mpaka kumapeto, chala kukamwa kwa paipi kuti madzi azifika patali, n'kumayenda uku ndi uku mpaka paliponse pachita kuda ndi madzi. Koma pofika masana mpiru wafota ndithu. Mwezi ukamatha bilu yakwera, ndipo amene ali ndi mita ya prepaid amapeza mayunitsi atha mwezi uli pakati.

Ndinathirira choncho zaka ziwiri pa kadimba kanga ku Area 25. Tsiku lina alamu anga, amene amalima dimba cha ku Mitundu, anandipeza nditangomaliza kumene. Anagwada pabedi la repu, n'kufukula ndi chala. Pansi pa masentimita atatu okha dothi linali louma, lotuwa. Anandiuza kuti, "Alamu, madzi amamwa ndi muzu. Apa mwanyowetsa masamba ndi njira, koma mbewu sinamwe." Zimene ndilembe pano zinayambira pamenepo. Paipi ntchito yake ndi kunyamula madzi oyezedwa kale n'kukawasiya pamuzu pang'onopang'ono, ndipo zonse zotsatirazi ndi njira yochitira zimenezo ndi zipangizo zopezeka m'tauni muno.

Yambani mwayeza, musanagule kanthu

Tengani ndowa ya malita 20 ndi foni yanu. Lumikizani hozipaipi imene muli nayo, tsegulani mpopi monga mumachitira masiku onse, ndipo muwerenge nthawi imene ndowa ikudzadzira. Kwathu inadzaza pa masekondi 80, kutanthauza malita 15 pa mphindi imodzi. Ndinkathirira mphindi 30 tsiku lililonse, ndiye kuti malita 450 patsiku, malita 13,500 pamwezi. Pa mita yamadzi, nambala imodzi yathunthu ndi malita 1,000, choncho mutha kuona nokha kuti dimba lokha linkadya zingati. Yezani kawiri, m'mawa kwambiri ndi madzulo, chifukwa mphamvu ya madzi imasintha: usiku anthu ambiri atagona imakwera, nthawi yophika ndi kusamba imatsika.

Kenako yezani mabedi okha, osawerengera tinjira. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: lita imodzi yothiridwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ikufanana ndi mvula ya milimita imodzi. Ndiwo zamasamba zimene zakula bwino zimafuna malita 3 kapena 4 pamalo otere tsiku lililonse m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo zimafika malita 5 mpaka 7 mu Sepitembala ndi Okutobala. Kadimba kanga kali ndi mabedi anayi, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, onse pamodzi masikweya mita 20. Mu Okutobala kamafuna malita 120 patsiku, mu Juni malita 70. Tayerekezerani ndi 450 uja. Otsalawo ankathera m'tinjira, pamasamba, ndi mumpweya.

Nkhaniyi imandikhudza kupitirira ndalama. Madzi a m'mipopi yathu amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene umayambira ku Dzalanyama, ndipo amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde asanayeretsedwe ndi a Lilongwe Water Board. Ndi madzi akumwa, omwewo amene amayi a ku Mtandire ndi ku Chinsapo amaimira pamzere pakiyosiki ndi zidebe. Kulima nawo ndiwo si kulakwa, koma kuwamwaza panjira kumawawa mtima.

Konzani mabedi kuti alandire madzi

Paipi yabwino pabedi lopendekera ndi ntchito yachabe. Madzi onse amathamangira kumunsi, mbewu za kumtunda n'kutsala ndi ludzu. Choncho salazani bedi lililonse. Ngati malo anu ndi otsetsereka, mabedi ayende mopingasa chitsetserekocho. Poyesa, thirani ndowa imodzi pakati pa bedi n'kuona kumene madzi akulowera.

M'chilimwe mabedi abwino ndi olowa pansi pang'ono, okhala ndi kamlambala kozungulira ngati beseni, kuti dontho lililonse likhale m'kati. Mabedi okwera ngati mizere ya chimanga ndi a nthawi ya dzinja, pamene vuto limakhala madzi ochuluka. M'lifupi musapitirire mita imodzi kapena mita ndi masentimita 20, kuti dzanja lizifika pakati osaponda pabedi. Malo ambiri mu Lilongwe ndi a katondo, dothi lofiira limene limasunga chinyezi bwino koma likapondedwa limalimba ngati njerwa, madzi n'kumangoyenderera pamwamba. Limani mozama, masentimita 25 kapena 30, ndipo musakanize manyowa owola bwino, ndowa imodzi ya malita 20 pa sikweya mita iliyonse ngati alipo okwanira. Manyowa amathandiza mbali zonse: pakatondo amamasula dothi kuti madzi alowe, pamchenga amagwira madzi kuti asathawire pansi.

Mgolo pakati pa mpopi ndi dimba

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndichedwapo. Anthu ambiri amafuna kulumikiza mapaipi a m'mabedi kumpopi mwachindunji. Ine sindilimbikitsa zimenezo, pa zifukwa zitatu. Mphamvu ya kumpopi imasinthasintha, ndiye simungadziwe kuti lero mwathira malita angati. Ikakwera usiku imatha kuphulitsa tepi yodonthezera, kapaipi kopyapyala ka tibowo kamene kamadonthezera madzi pamizu, kapena kuvula zolumikizira. Ndiponso tsiku limene mpopi wauma dimba limagona ndi ludzu. Mgolo umathetsa zonse zitatu: ndi muyezo, umachepetsa mphamvu, ndiponso ndi nkhokwe.

Pezani mgolo wapulasitiki wa malita 200, wokhala ndi chivundikiro. Funsitsitsani chimene unkasungira. Umene unali ndi zakudya kapena sopo ungatsukidwe. Umene unali ndi mankhwala ophera tizilombo, oyilo kapena zinthu zosadziwika usiyeni ngakhale utatchipa bwanji, chifukwa madzi ake adzalowa m'ndiwo zimene ana anu adzadye.

Mgolo uyenera kukhala pamwamba. Mita iliyonse ya kukwera kwa madzi imapereka mphamvu yokwana pafupifupi 0.1 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya madzi m'paipi), yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya kumpopi, koma yokwanira dimba laling'ono. Mangani nsanja yotalika mita imodzi mpaka mita ndi theka, kumtunda kwa dimba. Kumbukirani kuti mgolo wodzaza umalemera makilogalamu oposa 200. Nsanja ya timitengo ta bulugamu tokhomerera ndi misomali iwiri imaoneka yolimba m'chilimwe, koma chiswe chikalowa imagwa popanda chenjezo, ndipo pansi pake ndi pamene ana amakonda kusewera pofuna mthunzi. Njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti, kapena chitsulo chowotcherera, ndizo zoyenera. Pamwamba pakhale posalala kuti thako lonse la mgolo likhazikike.

Bowo lotulutsira madzi liboolidwe masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pansi pa mgolo, osati pansi penipeni, kuti matope ndi mchenga zizidikha osalowa m'paipi. Pabowopo pamalowa cholumikizira chokhala ndi mazinga ndi timphira tiwiri totsekera, china m'kati china kunja. M'mashopu a hadiweya a ku Old Town mukanena kuti tank connector akumvani. Pambuyo pake pabwere valavu yotsegula ndi kutseka, kenako sefa. Ngati simunagwirepo ntchito yotere, itanani pulambala achite gawo ili lokha, chifukwa bowo likakula mopitirira muyezo mgolo umadontha mpaka kalekale. Zina zonse mungathe nokha.

Sefa musaidumphe. Ya kushopu yokhala ndi kaukonde m'kati ndiyo yabwino, koma ikasowa mangani nsalu yopyapyala yoyera kukamwa kwa mgolo, pamene madzi amalowera, ndi ina m'kati pabowo lotulutsira. Madzi a kumpopi amakhala oyera nthawi zambiri, koma a pachitsime amabwera ndi mchenga, ndipo amafunika kuwasiya adikhe kaye ola limodzi kapena awiri musanatsegule valavu.

Tsopano konzani ndodo yoyezera. Thirani ndowa imodzi ya malita 20 mumgolo wopanda kanthu, pisani ndodo yowongoka, lembani pamene madzi alekezera. Thirani yachiwiri, lembaninso, mpaka mgolo utadzaza. Ndodo imeneyi ndiyo mita ya dimba lanu. Mukafuna kuthira malita 120, mumatsegula valavu n'kudikira madzi atsike mizere isanu ndi umodzi, basi.

Zinthu ziwiri zofunika kusamala podzaza mgolo. Hozipaipi yochokera kumpopi isamire m'madzi a mumgolo. Ipachikeni pamwamba kuti pakhale mpata pakati pa kamwa lake ndi madzi. Madzi akasiya mwadzidzidzi, paipi yomira imatha kuyamwa a mumgolo kubwerera nawo m'mapaipi a m'nyumba, amene mumamwa. Chachiwiri, vundikirani nthawi zonse. Mgolo wapululu umaswetsa udzudzu, umamera ndere zimene zimatseka tibowo, ndipo ndi ngozi kwa mwana amene angakwerepo. Amene amaiwala mpopi uli wotsegula aike valavu yoyandama, yonga ija ya m'thanki ya chimbudzi chamadzi, kuti izidzitsekera yokha.

Paipi yaikulu ndi mapaipi a m'mabedi

Kuchokera pasefa, paipi imodzi itsike n'kuyenda mopingasa kumutu kwa mabedi onse. Imeneyi ndiyo paipi yaikulu, ndipo ikhale yotakasuka kuposa zina: hozipaipi ya mamilimita 19, imene m'mashopu amati three quarter, kapena paipi yakuda yapulasitiki ya mamilimita 20 kapena 25. Chifukwa chake n'chakuti madzi akamayenda m'paipi amakhuzana ndi makoma ake n'kumataya mphamvu, ndipo paipi ikachepa pang'ono chabe kutayikako kumakula kwambiri. Pamene mphamvu yanu ndi ya mita imodzi yokha, mulibe yoti mutaye. Pa chifukwa chomwecho, mgolo ukhale pafupi ndi mabedi, ndipo paipi yotsala muidule. Musaisiye itapindidwa mulu pansi pa nsanja.

Sankhani paipi yakuda kapena yosaonekera m'kati. Yoonekera ija, yonga ya amisiri yoyezera levulo, imalowetsa kuwala ndipo ndere zimamera m'kati pasanathe milungu ingapo.

Pamutu pa bedi lililonse dulani paipi yaikulu n'kulowetsa cholumikizira cha T. Paipi ikavuta kulowa, viikani nsonga yake m'madzi otentha kwa kanthawi, imafewa. Mangani ndi kilampu, kapena mphira wodula kuchubu chakale cha njinga, womukoka mwamphamvu pozunguliza. Ngati thumba lilola, bedi lililonse likhale ndi kavalavu kake. Phindu lake mudzaliona pamene anyezi akhwima n'kufuna kusiyidwa, pomwe chayinizi cha pabedi loyandikana chikufunabe madzi tsiku ndi tsiku.

Bedi la mita imodzi limafuna mapaipi awiri oyenda m'litali mwake, otalikirana masentimita 40 mpaka 50, mbewu n'kukhala mbali zonse za paipi iliyonse. Tomato amafuna paipi imodzi pamzere uliwonse. Apa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula tepi yodonthezera kumashopu a zaulimi, imene imabwera ndi tibowo take pa masentimita 20 kapena 30 aliwonse. Tibowo timeneti tinapangidwa kuti tizitulutsa madzi ofanana, ndiye ntchito imachepa. Poyala, tibowo tiyang'ane kumwamba kuti zinyalala zodikha m'kati zisatitseke. Funsani wogulitsa ngati tepiyo imagwira ndi mphamvu yochepa ya mgolo, popeza ina inapangidwira pampu.

Njira yachiwiri ndi imene ndinayamba nayo, ndipo ndimaikondabe: kuboola hozipaipi yakale. Paipi yong'ambika imene munaitaya kuseri kwa khitchini ndi chuma. Iduleni m'zidutswa zotalika ngati bedi, osapitirira mamita 5 kapena 6. Iwongoleni padzuwa, jambulani mzere umodzi m'litali mwake, ndipo lembani pa masentimita 30 aliwonse ngati ndi ya masamba, kapena 50 mpaka 60 ngati ndi ya tomato, kuti kabowo kagwere pafupi ndi tsinde lililonse. Boolani ndi singano yosokera yootcha pamoto, mutaigwira ndi pulayala. Msomali, ngakhale waung'ono, umapanga bowo lalikulu, ndipo madzi onse amathera m'mabowo oyambirira, akumapeto n'kungotuluka thukuta. Kulakwitsa pochepetsa n'kwabwino, chifukwa kabowo kakang'ono mungakakulitse koma lalikulu simungalibweze. Singano ikhale imodzi yomweyo pa tibowo tonse.

Kumapeto kwa paipi iliyonse pindani kawiri n'kumanga ndi mphira kapena waya. Musamate ndi guluu kapena kuotcha, popeza kumeneku muzidzatsegulako potsuka. Kuti paipi isasunthe, ikhomereni pansi ndi tizidutswa ta waya topindidwa ngati chilembo cha U, pa mita iliyonse.

Ngati madzi akutuluka mothovoka n'kumakumba dothi, vekani kabowoko kachidutswa ka paipi ina yokulirapo yong'ambidwa m'litali, kapena kulungani kansanza. Madzi amagunda pamenepo n'kutsika modontha.

Yesani musanabzale

Dzazani mgolo, masulani kumapeto kwa mapaipi onse, tsegulani valavu kuti tizidutswa ta pulasitiki ndi dothi zituluke. Kenako tsekani kumapetoko. Tengani makapu atatu ofanana, kapena mabotolo odulidwa, muike limodzi pansi pa kabowo koyamba, lina pakati, lina pa komaliza. Pakatha mphindi 10 yerekezerani. Kusiyana pang'ono kulibe vuto. Koma ngati loyamba ladzaza pamene lomaliza lili theka, pali choti mukonze: mwina bedi lakwera chakumapeto, mwina tibowo takula, mwina paipi yatalika. Njira yachidule ndi kuthirira mabedi awiri okha pa nthawi imodzi m'malo mwa onse anayi, kuti mphamvu isagawanike. Ina ndi kulowetsa madzi pakati pa paipi, kuti aziyenda mamita awiri ndi theka mbali iliyonse m'malo mwa asanu.

Yesaninso mgolo uli pafupi kutha, chifukwa madzi akamatsika mphamvu imatsikanso. Pa chifukwa ichi ndimakonda kuthirira mgolo uli wodzaza, n'kuudzazanso madzulo, kusiyana ndi kuukokota mpaka pansi.

Mukatha apa siyani madzi adonthe mpaka malita a tsiku limodzi atatha, dikirani maola angapo, ndipo mukumbe ndi khasu pafupi ndi kabowo kamodzi. Pamwamba pangaoneke kadontho konyowa kakang'ono ngati mbale, koma pansi chinyezi chimatambasuka. Pakatondo chimafalikira m'mbali, ndipo madontho oyandikana amakumana pansi. Pamchenga chimatsika chowongoka ngati karoti, ndiye tibowo tiyenera kuyandikana kwambiri, masentimita 20. Chimene mukufuna ndi chinyezi chofika masentimita 20 mpaka 30, kumene mizu yambiri ya ndiwo zamasamba imakhala. Anthu ambiri amabwerera ku kumwaza madzi chifukwa choti maso sakukhutira, pamwamba pakuoneka pouma. Kumbani kamodzi, mtima udzakhala pansi.

Phimbirani

Mukawokera mbande n'kugwira, phimbirani bedi lonse ndi udzu wouma, mapesi oduladula, makoko a mtedza kapena masamba ouma, mochindikala ngati zala zitatu kapena zinayi, mapaipi akhale pansi pake. Zophimbira zimaletsa dzuwa kuyamwa chinyezi, zimachepetsa udzu womera, ndipo zimateteza paipi, chifukwa pulasitiki yokhala padzuwa imauma n'kuyamba kuthetheka. Siyani kampata kozungulira tsinde kuti lisawole. Chiswe chimabwera ndithu kuno, koma nthawi zambiri chimalimbana ndi udzu woumawo. Muzingoonjezera ukachepa, ndipo muziyang'ana ngati chayamba kukhudza mbewu.

Liti, ndiponso kangati

M'mawa dzuwa lisanakwere ndiyo nthawi yabwino. Mbewu imalowa m'kutentha kwa masana itamwa kale, ndipo madzi a mumgolo amakhala atazizira usiku. Masana paipi yakuda imatenthetsa madzi okhalamo mpaka kufika pootcha mbande, choncho mukakakamizika kuthirira nthawi imeneyo, tayani kaye oyambawo pansi pa mtengo wa mango kapena papaya.

Pakatondo wophimbiridwa bwino simufunika kuthirira tsiku lililonse m'nyengo yozizira. Kuthira malita a masiku awiri kamodzi, n'kudumpha tsiku, kumapangitsa mizu kutsika pansi kufunafuna chinyezi, ndipo mbewu yotere imapirira tsiku limene madzi asowa. Mu Okutobala, komanso pamchenga nthawi ina iliyonse, bwererani ku tsiku ndi tsiku. Manambala ndapereka aja ndi poyambira chabe. Woweruza weniweni ndi dzanja: fukulani masentimita 10, tapani dothi, fumbatani. Likaumbika n'kusweka mukaligunda ndi chala, lili bwino. Likakana kuumbika, onjezerani madzi. Likamata m'manja n'kutuluka madzi, dumphani tsiku. Kufota pang'ono masana a Okutobala si ludzu nthawi zonse. Mbewu imene yafota m'mawa ndiyo ikudandaula zenizeni.

Mbewu zimasiyana. Mpiru, repu, chayinizi ndi bonongwe zimafuna chinyezi chosadukiza, apo ayi masamba amalimba. Tomato amadana ndi kusinthasintha: kumuumitsa masiku anayi kenako kumumiza kumang'amba zipatso, ndipo kumabweretsa kuwola kwakuda kuja kwa kunsi kwa chipatso. Iyeyu ndiye amapindula kwambiri ndi njira ino, chifukwa masamba ake sanyowa, ndipo matenda a chiwawu amakonda tsamba lonyowa. Anyezi mumusiye madzi masamba akayamba kugwa, pafupifupi milungu iwiri musanakolole, kuti asadzawole posunga.

Nazale yokha ndiyo yosiyana. Njere zongofesedwa zili pamwamba penipeni ndipo zimafuna kunyowa ponseponse, choncho pamenepo gwiritsani kheni yokhala ndi chisefa chake, kapena botolo loboola tibowo pachitsekero. Mbande zongowokeredwa nazo muzithirire pamanja masiku atatu kapena anayi oyamba, mpaka mizu ipeze chinyezi cha paipi.

Amene sanakonzeke kugula mgolo asataye mtima, hozipaipi yokha ingagwire bwino kuposa kale. Chotsani chala kukamwa kwake, mangani sokosi yakale kapena chiguduli kunsonga, tsegulani mpopi pang'ono, ndipo muigoneke pansi m'bedi lolowa lija kuti madzi aziyenda mofatsa pakati pa mbewu. Popeza munayeza kale, mukudziwa mphindi zake: ngati ikutulutsa malita 10 pa mphindi ndipo bedi likufuna malita 30, ndi mphindi zitatu, kenako bedi lina. Ikani alamu pafoni. Mwana kapena wantchito amene mumamutuma muuzeni mphindi zimenezi momveka, m'malo mongoti "ukathirire kudimba".

Za madzi otsala m'nyumba, otsukuluzira ndiwo ndi mpunga ndi abwino kuthira pamanja pabedi lililonse. A sopo ochapira ndi osambira asalowe mumgolo, amatseka tibowo ndi kununkha, ndipo sayenera kukhudza masamba odyedwa. Apatseni nthochi ndi mitengo.

Kusamala kuti zikhalitse

Sabata iliyonse tsukani sefa, ndipo muyende m'mabedi madzi akutuluka, mukukweza udzu apa ndi apo. Mbewu imodzi yofota pakati pa zinzake zosangalala imasonyeza kabowo kotseka. Kagogodeni ndi chala kapena kabooleninso ndi singano ija. Malo onyowa mopitirira amasonyeza kudontha, ndipo kawirikawiri ndi makoswe, amene amaluma paipi m'chilimwe pofuna madzi, kapena khasu la wopalira. Dulani pobookapo n'kulumikiza ndi kachidutswa ka paipi yocheperapo yolowa m'kati, mumange ndi mphira. Pamwezi kamodzi masulani kumapeto kwa mapaipi onse kuti matope atuluke, ndipo mutsuke pansi pa mgolo. Amene amagwiritsa madzi a pamjigo kapena pachitsime akaona zoyera zouma kuzungulira tibowo adziwe kuti ndi mchere wa m'madzimo, ndipo azitsuka pafupipafupi.

Musaiwale mpopi weniweniwo. Polumikizira hozipaipi ndi pamene pamatayika madzi ambiri osawerengedwa, ndipo kamphira kozungulira ka m'kati mwa cholumikizira kamatsika mtengo kuposa madzi amene kamapulumutsa. Hozipaipi yodzazira mgolo muzikhuthula madzi ake mukamaliza, muipinde mozungulira motakasuka osaithyola, n'kuipachika pamthunzi.

Mvula ikakhazikika mu Disembala, tsekani valavu, tsukani mapaipi a m'mabedi, muwakulunge n'kuwasunga m'thumba pamalo amene makoswe safika, mutalemba kuti ili ndi la bedi liti. Mgolo wokha usachoke. Ulozetseni ku gatala ya denga, mvula yoyamba itatsuka kaye fumbi la pamalata. Denga la masikweya mita 50 limagwira malita pafupifupi 1,000 pa mvula ya mamilimita 20, kotero mgolo umadzaza mvula isanathe n'komwe, ndipo madzi amenewo ndi amene adzathirire nazale ya tomato ndi kabichi ng'amba ikadzagwa mu Januwale kapena Febuluwale. Mu Epulo, mvula ikamatsanzika, salazaninso mabedi, yalani mapaipi, ndipo mubwereze kuyesa kwa makapu atatu kuja musanawokere mbande zoyamba.